Penti yachita makwinya, magalasi ayera mbuu: kodi kagalimoto kanga kangachirenso?

Funso: "Ndine bambo wa zaka 34, ndimakhala ku Chilomoni. Mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandibweretsera mabokosi awiri a tigalimoto tapulasitiki tomanga wekha, tonse ta sikelo ya 1:24, Nissan Skyline ya Tamiya ndi Toyota Hiace ya Aoshima. Ndinayamba ndi Skyline mwezi wa Juni. Ndinagula chitini cha penti yopopera yofiira ku hadiweya ina ku Limbe, ndinapopera madzulo pakhonde, m'mawa mwake n'kupeza penti yachita makwinya padenga, kwina yatuwa, kwina yayenderera. Magalasi ndinamata ndi supa guluu ndipo ayera mbuu m'mbali monse. Pano Hiace ndikuopa n'kuitsegula komwe. Cholinga changa n'choti ndiisandutse minibasi ngati zoyenda pakati pa Limbe ndi Blantyre. Kodi Skyline yatha basi? Nanga Hiace ndiyambe bwanji, poti zipangizo zomwe amatchula pa YouTube kuno sizipezeka? Komanso mayi akunyumba akuti ndayamba zachibwana."

Yankho: Achimwene, khazikani mtima pansi, Skyline yanuyo sinafe. Mavuto mwatchulawa ndi osiyana, lililonse lili ndi gwero lake, ndipo pafupifupi aliyense woyamba ndi penti ya ku hadiweya ndi supa guluu amakumana nawo onse pa kagalimoto koyamba. Mwachita bwino kusatsegula Hiace. Isiyeni m'bokosi momwemo mpaka Skyline itachira, chifukwa zonse zomwe minibasi idzafune kuti manja anu adziwe muziphunzirira pa galimoto yowonongeka kaleyi, pomwe palibenso choopa. Za chibwanazo, mayi muwakumbutse za anyamata a ku Chilomoni ndi Ndirande opinda galimoto za mawaya, matayala a zitini za polishi ya nsapato, chiwongolero chofika m'chiuno. Luso lake ndi lomwelo, kungoti pano muyeso wake ndi wa mamilimita.

Tiyambe ndi makwinya. Thupi la kagalimotoko ndi pulasitiki yotchedwa polystyrene, yomweyo ya mabokosi a ma CD ndi timakapu tambiri ta yogati. Pulasitiki imeneyi imafewa msanga ikakumana ndi thina yaukali, mankhwala aja osungunulira penti. Penti yopopera ya ku hadiweya anaipangira mageti, mabagila ndi njinga, ndiye mankhwala ake ndi amphamvu. Mukaithira yambiri nthawi imodzi pa pulasitiki yopanda primer (penti yoyamba yoyala pansi), imakhala yonyowa kwa mphindi zingapo n'kuyamba kudya chomwe yagwerapo. Denga ndi lomwe limapweteka kwambiri chifukwa ndi lafulati, penti imaunjikana pomwepo osatsetsereka. Koma makwinya alipo a mitundu iwiri, ndipo musanachite china muyenera kudziwa anu ndi ati. Tengani sandipepa ya nambala 600 (nambala ikamakwera, sandipepa imakhala yosalala), muinyowetse, mukhule pang'ono pakona imodzi ya denga. Makwinya akachoka n'kuoneka pulasitiki yosalala pansi pake, ndiye kuti yakwinyika ndi penti yokha, kawirikawiri chifukwa munapoperanso yoyamba itangouma pamwamba mkati ikadali yaiwisi. Koma pulasitikiyo ikakhala yokhakhala ngati lilime la mphaka, ndiye kuti yadyeka. Imeneyo imachirabe, kungoti ntchito yokhula ichuluka.

Kutuwako mlandu wake ndi wa chiperoni. Penti ikamatuluka m'chitini thina imauluka mwachangu n'kuziziritsa pomwe yagwera. Mpweya ukakhala ndi chinyezi, monga umakhalira ku Blantyre kuno madzulo a Juni ndi Julayi, madzi amamatirira pamalo ozizirawo monga botolo lochoka m'firiji limachitira thukuta, ndipo timadontho timeneto timakodwa mkati mwa penti. Ikauma imaoneka ngati yathiridwa ufa. Kuyenderera nako n'kosavuta kufotokoza: chitini chinayandikira kwambiri kapena dzanja linaima malo amodzi.

Tsopano kukonza. Choyamba chotsani magalasi, chifukwa mankhwala ochotsera penti amawawononga. Supa guluu imakhala yosalimba ikazizira, ndiye ikani thupi lonse m'jumbo n'kuliika mufiriza kwa maola anayi kapena usiku wonse. Mukalitulutsa, pindani thupilo pang'ono kwambiri uku mukukankha galasi kuchokera kunja ndi chala, pafupi ndi pomwe munamata. Likakana, libwezereni mufiriza m'malo molimbana nalo, pakuti pulasitiki yoonekera ndi yosachedwa kusweka kuposa inayo. Matayala, zonyezimira ndi zam'kati nazonso zichoke.

Pochotsa penti, njira yopezeka paliponse kuno ndi mafuta a mabuleki a DOT 3, atsopano osati otsala ku galaja. Ikani thupilo m'kontena yapulasitiki yokhala ndi chivindikiro, mafutawo alimize, mudikire maola 12. Kenako yesani ndi mswachi wakale. Penti ikamasupuka ngati khungu la nthochi yowiritsa pitirizani, ikakana onjezerani maola ena 12, koma musapitirire masiku awiri chifukwa mafutawa amaumitsa pulasitiki, timizati ta denga n'kumathyoka tokha. Mukatha tsukani kawiri ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, kenako lisiyeni liume tsiku lathunthu. Mafuta akatsalira m'timizere ta zitseko, penti yatsopano imathawa pamenepo n'kusiya timaenje tozungulira ngati maso a nsomba. Thina, petulo ndi mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo zisayandikire n'komwe: zimenezo zimasungunula thupilo mukuona.

Pomwe pulasitiki yadyeka khulani ndi sandipepa ya 400 yonyowa, mutaikulunga pa labala yofufutira kuti musakumbe maenje ndi zala, kenako 600, kenako 800. Maenje otsala adzazeni ndi dontho la supa guluu n'kuwazapo soda wophikira. Zimauma nthawi yomweyo, koma muzikhule pasanathe ola, chifukwa pofika mawa lake zimakhala zolimba kuposa pulasitiki yozungulira ndipo sandipepa imadya m'mbali n'kusiya chulu pakati. Timizere ta zitseko ndi boneti tikafufutika, tikumbeninso podutsitsa kumsana kwa mpeni mopepuka kangapo.

Magalasi aja anayera chifukwa supa guluu ikamauma imatulutsa nthunzi, nthunziyo n'kukagwera pomwe pali chinyezi kapena zidindo za zala n'kuuma yoyera. Ngati kuyerako n'kwapamwamba, mankhwala otsukira mano oyera aja, osati a jelo, pa kansalu kofewa ka thonje amachotsa mukamapukuta mozungulira kwa mphindi zisanu kapena khumi. Ngati kwalowa, yambani ndi sandipepa ya 1500 yonyowa, kenako 2000, kenako mankhwala a mano. Galasi liyamba layera lonse musanaone kusintha, musachite mantha. Chala china chikhale kuseri kwake nthawi zonse. Ndipo poti inu kwayera ndi m'mbali, muli ndi mwayi: galimoto zenizeni za nthawi ya Skyline zili ndi mkombero wakuda kuzungulira galasi, ndiye mukaujambula ndi penti yakuda kuchokera mkati, zotsala zambiri zibisika.

Pa guluu, lamulo ndi ili. Pulasitiki ndi pulasitiki inzake zimamatidwa bwino ndi guluu wake weniweni, monga Tamiya Extra Thin kapena Revell Contacta, amene amasungunula pang'ono mbali ziwirizo n'kuziwotcherera pamodzi. Guluu ameneyu sagwira pa penti kapena pa zonyezimira, ndiye palani kaye pomwe mukufuna kumata. Akakhala kuti palibe, supa guluu imagwira ntchito, koma muzidontheza pa chivindikiro cha botolo n'kutenga ndi nsonga ya singano, osathira kuchokera m'chubu. Magalasi ndi magetsi amatidwe ndi guluu woyera wa akalipentala. Amachedwa, amafuna ola limodzi kapena kuposa mutagwiriziza ndi tepi, koma amauma woonekera ndipo wopitirira amachoka ndi thonje lonyowa. Guluu wa nsapato ndi wa mapaipi a madzi asiyeni, amafewetsa pulasitiki kwa masiku ndipo amasiya madindo panja.

Zipangizo za pa YouTube zisakusowetseni tulo. Chowengera zikhadabo chachikulu chimadula tizidutswa pa nthambi za pulasitiki zomwe timabwera titalumikizidwako m'bokosi. Siyani kachitsa ka milimita imodzi n'kukamaliza ndi mpeni, osathyola ndi manja. Timipeni ta madokotala ta nambala 11 timapezeka m'mafamase ena, koma lezala nayo imakwana. Zokhulira zikhadabo za ku saluni, makamaka zija zokhala ndi mbali zinayi, ndi sandipepa yabwino kwambiri ya tizidutswa. Timapanilo tosongoka funsani kwa okonza mafoni. Sandipepa ya 400 mpaka 2000, primer ndi polishi yokhulira penti zili m'mashopu ogulitsa penti ya galimoto ku Limbe ndi cha ku Ginnery Corner. Onjezerani hang'ala yawaya yoti muipinde ikhale chogwirira thupi kuchokera mkati, katoni yaikulu yopoperamo, ndi beseni loyera lovindikirira.

Nayi njira yopentera, ndipo apa m'pomwe pagona nkhani yonse. Musanathire chilichonse pa galimoto, yesani pa nthambi za pulasitiki zotsala m'bokosi kapena kuseri kwa supuni yapulasitiki yotaya, motsatira ndondomeko yonse, primer, penti, clear (penti yoonekera yomalizira pamwamba), n'kudikira maola 24. Chitini chilichonse chatsopano chiyambe chadutsa pa supuni. Primer ya Tamiya ndiyo yofatsa pa pulasitiki, koma ya galimoto imathekanso mukayamba ndi nkhungu chabe. Gwedezani chitini mphindi ziwiri zathunthu, muchiimike m'madzi ofunda oti dzanja lipirire kwa mphindi zisanu, osati otentha ndipo osati pafupi ndi moto, muchipukute. Gwirani patali masentimita 20 mpaka 25. Yambani kupopera kunja kwa galimoto, dutsani, mulekere kunja kwinako. Ulendo woyamba pulasitiki iziwonekerabe pansi, ngati yangogweredwa mame. Dikirani mphindi 15, bwerezani, dikiraninso, bwerezani kachitatu. Nkhungu yotere imauma isanapeze mpata wodya pulasitiki, ndipo ndiyo imakhala khoma loteteza. Mawa lake khulani mopepuka ndi 1000 yonyowa, tsukani, umitsani. Pansi pa penti yofiira ikani primer yoyera, chifukwa yotuwa imadetsa kufiirako.

Penti ya mtundu nayo iyende chimodzimodzi: maulendo awiri kapena atatu a nkhungu, kenako umodzi wonyowa, dzanja likuyenda pang'onopang'ono mpaka pentiyo iyambe kuwala, n'kuleka pomwepo. Ulendo wowonjezera uja woti "ndingomalizitsa apa" ndi umene umabala misozi. Ikayenderera musapukute. Vindikirani ndi beseni mutasiya kampata pansi, mudikire masiku atatu kapena kuposa, mukhule msoziwo ndi 1000, mupopere pang'ono. Ikatuluka yokhakhala ngati mchenga, chitini chinali kutali kapena kunatentha kwambiri, penti inauma ili m'malere. Dziwaninso kuti mitundu ya penti imadana. Ya lacquer ndi yaukali, ikapita pamwamba pa enamel imaikwinya. Enamel kapena acrylic pamwamba pa lacquer youma palibe vuto. Zitini zambiri za ku hadiweya sizilemba bwino mtundu wake, n'chifukwa chake primer, penti ndi clear ndi bwino zikhale za kampani imodzi, ndipo supuni ija ndiyo woweruza. Kuuma kwenikweni mudziwa ndi mphuno: mukanunkhiza pafupi n'kumva thina, sinaume, ngakhale chala chisasiye chidindo. Enamel imatha sabata kapena kuposa.

Nthawi yabwino kuno ndi pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, tsiku lomwe phiri la Michiru likuoneka bwino popanda nkhungu. Ogasiti ndi Seputembala mpweya umakhala wouma koma fumbi ndi mphepo zimachuluka, ndiye wazani madzi pansi musanayambe. Okutobala poperani m'mawa pamthunzi, ndipo thupi lisaumikidwe padzuwa kapena pa malata, limapindika osabwereranso. M'dzinja sankhani tsiku lomwe kwacha bwino. Skyline mukaimaliza ndi clear maulendo atatu n'kuisiya sabata, ikhuleni ndi 2000 yonyowa mopewa makona, pomwe penti imakhala yopyapyala, kenako polishi pa kansalu. Pamenepo idzanyezimira moti mayi adzaiika okha pa kabati.

Tibwere ku Hiace. Sikelo ya 1:24 ikutanthauza kuti muyeso uliwonse wa galimoto yeniyeni muugawe ndi 24. Hiace ya mtundu wa 200 yotalika mamilimita 4,695 imabwera pafupifupi masentimita 19 ndi theka. Muziganizanso mobwerera: milimita imodzi pa kagalimoto ndi mamilimita 24 pa yeniyeni. Apa m'pomwe ambiri amaphonya. Chingwe chomangira katundu cha mamilimita 10 chiyenera kukhala ulusi wa 0.4, paipi yogwirira ya mamilimita 25 ndi waya wa milimita imodzi, ngati wa kopanira mapepala. Chinthu chimodzi chonenepa kupitirira muyeso chimaipitsa ntchito yonse. Mwayi wanu ngwoti Japan amayenda kumanzere ngati ife, ndiye chiwongolero chili kale kumanja. Musanadule kalikonse, pitani pa siteji ku Limbe kapena pa Mibawa ndi tepi yoyezera, mupemphe dalaivala wina kuti mujambule ndi kuyeza minibasi yake. Sankhani imodzi n'kuitsatira. Minibasi yongoganizira m'mutu imatuluka yonama, pomwe yotengera kwa ina yeniyeni aliyense amaizindikira.

Ngati Hiace yanu yabwera ndi mipando yochepa, muyenera kupanga mabenchi. Yezani kaye mkati mwa kagalimotoko osati mwa yeniyeni yokha, chifukwa makoma a pulasitiki ndi onenepa ndipo malo amachepa. Pangani benchi imodzi ya katoni yopyapyala, muiike, mutseke thupi muone ngati ikukwana ndi magalasi omwe. Mwachitsanzo mpando wotalika mamilimita 400 kuchokera pansi ukhala 17, chotsamira cha 550 chikhala 23. Ikakwana, dulani zenizeni pa pulasitiki yafulati ya timakapu kapena zivindikiro zokhala ndi nambala 6 ndi zilembo PS pansi pake, chifukwa imeneyo ndi yomwe imagwirizana ndi guluu wa tigalimoto. Matani zigawo zitatu kapena zinayi kuti pakhale khushoni, mukhule makona azungulire. Pratley Putty, yomatira ija yokanda ngati dongo, nayo imaumba khushoni yabwino, muzinyowetsa zala poumba. Miyendo ikhale ya waya, yolowa m'timabowo tomwe mwaboola pansi, osangomata pamwamba. Mukakuta mpando ndi masking tepi n'kuipenta yakuda kapena yabuluu imaoneka ngati chikopa cha mipando, ndipo mukang'amba pakona n'kulowetsa kachidutswa ka siponji yachikasu, aliyense wokwera minibasi adzaseka. Musaiwale kampando kopinda ka kumapeto kwa mzere. Kaya pa benchi mukhazika atatu kapena anayi, zimenezo ndi za inu ndi apolisi a pamsewu.

Kutsegula chitseko chotsetsereka kuti chikhale pululu n'kotheka podutsitsa kumsana kwa mpeni m'mzere wake maulendo ambirimbiri mpaka chidukire, koma pa minibasi yoyamba sindikukulangizani. Thupi limafooka mbali imeneyo ndipo mufunika kupanga mafelemu amkati omwe panalibe.

Manambala ndi kabolodi ka "Limbe" kapena "Chilomoni" ka pagalasi lakutsogolo zipangeni pa kompyuta pa muyeso weniweni. Nambala ya mamilimita 520 m'litali ikhala pafupifupi 22. Sindikizani zingapo pa pepala limodzi, dulani ndi lezala pa galasi, detsani m'mphepete ndi cholembera kuti kuyera kwa pepala kusaoneke, matani ndi guluu woyera. Pepala wamba ndi lokwana pa zimenezi koma ndi lonenepa kwambiri pa mawu olembedwa pathupi. Mawu oyera a pagalasi lakumbuyo ndi ovuta chifukwa makina osindikizira wamba alibe inki yoyera. Njira yapafupi ndi kulemba mawuwo pa pepala, zilembo zotalika mamilimita 4, kulimata kuseri kwa galasi ndi tepi, n'kutsatira pamwamba ndi burashi yosongoka ndi acrylic yoyera. Mukalakwitsa imachoka ndi kamtengo kotokosera m'mano isanaumitsitse. Timizere tonyezimira tofiira kumbuyo ndi toyera kutsogolo tiduleni pa tepi yeniyeni ya njinga, m'lifupi mamilimita awiri. Ma decal a m'bokosi, timasitika tija tomata ndi madzi, aviikeni m'madzi ofunda masekondi 10 mpaka 20, muwaike pa thaulo mphindi imodzi, muwatsetserezere pamalo pake, n'kufinya madzi ndi thonje kuchokera pakati. Aikidwe pa penti yonyezimira. Pa penti yosawala mpweya umakodwa pansi pake n'kuoneka ngati siliva.

Kukalambitsa minibasi ndi gawo lokoma, komanso lomwe anthu amapitiriza muyeso. Minibasi yogwira ntchito siphuliphuli, ndiye malizani ndi clear yosawala kwambiri. Timizere ta zitseko tidetseni ndi penti ya madzi ya ana asukulu, yakuda yosakaniza ndi yakhofi, yosungunuka kwambiri, mutadonthezamo sopo wa mbale pang'ono kuti iyenderere yokha m'mzere. Yopitirira imachoka ndi thonje lonyowa. Fumbi lofiira lija la misewu ya ku Bangwe ndi Machinjiri musalitenge panja, chifukwa kamchenga ka milimita imodzi ndi mwala wa mamilimita 24. Palani choko cha mitundu cha ojambula, chofiirira ndi chachikasu, mupake ndi burashi youma kuseri kwa matayala, m'munsi mwa zitseko ndi pa chitseko chakumbuyo pomwe mphepo imaunjika fumbi. Onetsetsani pomwe manja amagwira: kuzungulira chogwirira cha chitseko pamada, ndipo pamwamba pa chitseko, pomwe kondakitala amamenya pouza dalaivala kuti ayime, penti imakhala yothetheka. Pa sitepe pakani pensulo n'kupukuta ndi chala, pawoneka chitsulo chopondedwa. Dzimbiri ndi kachidutswa ka siponji koviika mu penti yakhofi, kofinyidwa pa pepala mpaka kutsala pang'ono kuuma, n'kudinda malo atatu kapena anayi basi. Kubonyoka kwa bodi musakupange ndi kandulo, moto umatupitsa pulasitiki moonekeratu kuti ndi bodza. Palani kuchokera mkati mpaka kuwala kuyambe kudutsa, kenako kanikizani kunja ndi chogwirira cha burashi. Zimenezi zichitike musanapente.

Katundu ndi amene amamaliza chithunzi. Pepala la timatumba ta tiyi loviika mu guluu woyera wosungunula ndi madzi theka ndi theka limapanga matumba abwino. Makala enieni oswedwa kufika mamilimita 2 kapena 3 aoneke pakamwa pa thumba. Linya ndi ulusi wakuda wokhuthala pang'ono. Tomato wa mamilimita 60 akhala 2.5, ndiye umbani ndi putty kapena gwiritsani timikanda. Ena amapenta mapira, koma anankafumbwe sadziwa kuti ndi chionetsero. Minibasi yodzaza imakhala pansi kumbuyo, ndiye tsitsani kumbuyoko ndi milimita imodzi kapena iwiri pokulitsa mabowo a ekiselo cham'mwamba, ndipo khulani matayala ndi 400 kuti achoke kunyezimira.

Mukafuna pophunzirira kwina motchipa, tigalimoto tachitsulo ta Hot Wheels ndi Matchbox ta sikelo ya pafupifupi 1:64 timapezeka m'milu ya zidole za kaunjika. Boolani mitu ya ma rivet, timisomali tapansi togwira thupi, ndi kabito ka mamilimita 4 kapena 5, chotsani pulasitiki yonse, ndipo thupi lake poti ndi lachitsulo limalola thina. Ndi malo abwino oyeserera dzanja pa chitini.

Za chitetezo musazipeputse. Poperani panja kapena pamalo podutsa mphepo, kutali ndi mbaula, kandulo ndi fodya, makamaka magetsi akazima pomwe m'nyumba mumayaka moto. Kamasiki kansalu kamatchinga fumbi lokha, sikatchinga nthunzi ya thina. Ngati muzipenta kawirikawiri gulani masiki ya opopera galimoto yokhala ndi zosefera. Wina akakuuzani kuti clear ya 2K ya ku galaja ndiyo imawala kwambiri, sakunama, koma ili ndi mankhwala otchedwa isocyanate omwe amawononga mapapo n'kuyambitsa mphumu. Imeneyo musapopere kunyumba. Ngati mukuifunadi, tengerani thupilo kwa wopopera galimoto amene ali ndi zida zake, mumupemphe athire mopepuka pamene akupopera ntchito ina. Mafuta a mabuleki agwireni mutavala magolovesi, asungeni potsekedwa kutali ndi ana, pakuti ndi poizoni, ndipo otha ntchito musathire m'ngalande. Akalowa m'diso tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala. Supa guluu ikamata chikope musachikanule, ikani kansalu konyowa ndi madzi ofunda n'kuthamangira ku Queens kapena chipatala chapafupi. Ikamata zala, viikani m'madzi ofunda a sopo n'kumazipotoza pang'onopang'ono. Chifuwa chikamabanika, kulira mluzu popuma, kapena mutu ndi chizungulire zikapitirira mutatuluka panja, lekani kupenta mukaonane ndi dokotala, mutatenga chitinicho. Mwana akameza kachidutswa n'kumatsamwa kapena kuvutika kupuma, imeneyo ndi ngozi ya nthawi yomweyo.

Mng'ono wanu akamabweranso, musamutume galimoto yachitatu. Mutumeni botolo la Tamiya Extra Thin, masking tepi ya Tamiya ya mamilimita 6 ndi 10, timabotolo ta acrylic takuda, toyera, tasiliva, tofiira toonekera ndi talalanje toonekera ta magetsi akumbuyo, maburashi awiri a nambala 0 ndi 2, ndi kachoboolera kam'manja ka timabito ta 0.5 mpaka 1.5. Zitini za penti yopopera siziloledwa m'ndege, ndiye ngati akufuna kubweretsa primer afunse kaye a basi yomwe akwere, ndipo phukusi lotumizidwa lokha litha kulipiritsidwa msonkho ndi a MRA. Pakadali pano tsegulani bokosi la Hiace kamodzi kokha: tulutsani matayala muwaike m'kajumbo kawokawo, chifukwa labala yake ikakhudzana nthawi yaitali ndi magalasi kapena pepala la ma decal m'nyengo yotentha imasiya madindo osachoka. Kenako tsekani, Skyline ilowe mufiriza usiku uno.